Valavu yomvera dzanja ndi valavu yomvera mpweya

M'nyumba zambiri za ku Britain, madzi otentha amachoka mu boila n'kuyenda m'mapaipi, kawirikawiri a mamilimita 15, mpaka ku rediyeta ya m'chipinda chilichonse. Polowera madziwo pamakhala valavu. Ina ndi yopotokola ngati mpopi wa kukhitchini. Ina ndi TRV, imene Mads Clausen wa kampani ya Danfoss ku Denmark anatulukira mu 1943.

Yoyamba imamvera dzanja, yachiwiri imamvera mpweya wa m'chipinda. Ya dzanja ukaitsegula imakhala chitsegukire, kaya dzuwa lawala kaya kukugwa chipale. TRV ili ndi phula kapena madzi apadera m'mutu mwake, zimene zimafufuma chipinda chikafunda n'kukankha kapini kotseka madzi. Nambala 3 pamutupo ndi madigiri pafupifupi 20. Munthu wozizidwa amathamangira pa 5 poganiza kuti mufunda msanga, koma liwiro ndi lomwelo. Chipindacho chimangotentha mopitirira, bilu ya gasi n'kukwera.

Kuwonongeka kwake n'kosiyananso. Ya dzanja ikakalamba imadontha pa nati ya patsinde, ndipo imadziulula yokha: kapeti kunyowa, paipi kuchita ndere zobiriwira. TRV imafa mwakachetechete. Ikakhala yotseka miyezi yonse yofunda, kapini kaja kamakanirira pansi, ndiye pofika October rediyeta ili zii pamene paipi yobwera nayo madzi ikuwotcha. Ya dzanja ija umaimanga pang'ono ndi sipanala, mwina n'kukulunga tepi ya PTFE patsinde. TRV umaichotsa mutu n'kudina kapiniko mpaka kayambe kubwerera kokha. Kukakoka mwamphamvu ndi pulayala ndiye ayi, kangazuke madzi n'kutulukira pomwepo.

Posintha, TRV imaoneka ngati yapambana, chifukwa mutu wake umamasuka ndi manja popanda dontho kugwa. Koma likafa thupi la valavu, zonse ziwiri zimafuna ntchito imodzi: kuzimitsa boila, kukhetsa madzi akuda a m'mapaipi, kumanga yatsopano, kudzazanso n'kutulutsa mpweya ndi kakiyi.

Luso la TRV lili ndi malire ake. Katani yokhuthala ikaiphimba imayesa kuti m'chipinda mwafunda, n'kutseka anthu akunjenjemera. M'chipinda mmene muli thermostat ya pakhoma, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa boila, mapulambala ambiri amasiya valavu ya dzanja dala, kuopa kuti TRV ingatseke msanga thermostat isanakhutire, boila n'kumangoyaka.