Phunziro 17: Antchito a m'mimba mwathu

Tikamva mawu akuti tizilombo, timaganiza za kolera, kamwazi ndi malungo. Koma si tizilombo tonse timene tili adani athu. Tina ndi antchito athu.

Mayi aliyense wa ku Metangula, Cóbuè kapena Meluluca amadziwa kuviika chinangwa. Pakapita masiku atatu kapena anayi, madzi achita thovu, chinangwa chafewa, kuwawa kwachoka. Wagwira ntchito imeneyi ndani? Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya. Timafewetsa chinangwa, ndipo poizoni wake amatuluka.

M'matumbo mwa munthu aliyense mulinso mabakiteriya. Ndi ochuluka kuposa anthu onse a pa dziko lapansi, koma onse pamodzi amangolemera magalamu ngati 200.

Kodi amagwira ntchito yanji?

1. Amagaya zimene mimba yathu yalephera kugaya, monga makoko a nyemba, gaga wa mgaiwa ndi mitsitsi ya m'masamba. Pogaya amatulutsa chakudya cholimbitsa khungu la m'kati mwa matumbo.
2. Amapanga mavitamini ena, monga vitamini K wothandiza magazi kuundana pa bala.
3. Amatsekereza tizilombo toipa. Munda wodzaza ndi mbewu, udzu umasowa pomera. M'matumbo ndi chimodzimodzi.
4. Amaphunzitsa thupi la mwana kuzindikira matenda ndi kulimbana nawo.

Nkhani ya mapasa

Mwana amayamba kulandira mabakiteriya ake kwa mayi pa tsiku lobadwa. Mkaka wa m'mawere uli ndi shuga wina amene mwana sagaya. Ameneyu ndi phoso la mabakiteriya abwino. Pofika zaka ngati 3, m'matumbo mwa mwana mumakhala mutakhwima ngati mwa wamkulu. Zaka zitatu zoyambazi zikasokonekera, mwana amavutika.

Kutsidya kwa nyanja, m'midzi ya kumwera kwa Malawi, madokotala a ku Malawi ndi a ku America anatsata mapasa a m'mabanja 317, ndipo analengeza zimene anapeza mu 2013. M'mabanja ena mwana mmodzi ankadwala matenda otupikana, aja otupitsa mapazi ndi kufiiritsa tsitsi, pamene mnzake ali bwinobwino. Mayi mmodzi, nyumba imodzi, mbale imodzi. Nanga kusiyana kunachokera kuti?

Gulu la Dr. Jeffrey Gordon wa ku St. Louis linatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha anawo n'kuwaika mwa mbewa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse. Mbewazo anazidyetsa chakudya chonga cha m'midzi ya anawo. Zimene zinalandira mabakiteriya a ana otupikana zinaonda kwambiri. Ana odwalawo atapatsidwa chiponde cha kuchipatala, m'matumbo mwawo munayamba kukonzeka, koma atasiya chiponde munabwereranso m'mbuyo.

Apa tikuphunzira kuti kutupikana si ufiti ayi, ndipo si tsempho. Chakudya chosakwanira ndi mabakiteriya osokonekera, ziwirizi zikakumana, mwana amadwala.

Ku Bangladesh, mu 2021, madokotala anaonetsa kuti ana onyentchera amene ankadya chakudya chosakaniza nthochi zosapsa, ufa wa mtedza, wa soya ndi wa tchana ankanenepa msanga kuposa amene ankalandira chakudya chowonjezera cha masiku onse. Taonani, nthochi ndi mtedza tili nazo konkuno.

Ntchito iyambire kumunda

Kondowole amakhutitsa, usipa ndi utaka zimamanga thupi. Koma mutu umodzi susenza denga. Antchito a m'mimba amafunanso nyemba, masamba ndi zipatso.

Mvula ikayamba, dzalani khobwe, nyemba kapena mtedza pakati pa mizere ya chinangwa, ndi nandolo m'malire mwa munda. Mukazula mtedza, yang'anani timibulu ta pa mizu yake. M'menemonso muli mabakiteriya abwino, owonjezera chonde m'nthaka. Mbewu zimenezi zimadyetsa munda, zimadyetsanso mimba.

Musagulitse nyemba zonse. Mwera ukaomba mu Juni ndi Julayi, mabwato ali pamtunda, ndiwo zanu zidzakhala zomwezo. M'chilimwe limani dimba la nkhwani, bonongwe ndi mpiru. Chigwada musinje ndi kuchiphika mpaka chipse bwino.

Zoyenera kuchita pakhomo

Mayi, yamwitsani mwana bere lokha kwa miyezi 6, osampatsa madzi kapena dawale. Akayamba phala, pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka 2. M'phala thirani nsinjiro, ufa wa usipa kapena masamba osinja.

Bambo, kumbani chimbudzi kutali ndi nyanja ndi chitsime. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala. Mwana wotsekula m'mimba kawirikawiri amataya mabakiteriya ake abwino.

Musagule makapisozi pamsika. Mankhwala opha mabakiteriya sasankha: amapha oipa ndi abwino omwe, ngati moto wolusa. Imwani okhawo amene mwalemberedwa kuchipatala, monga momwe akuuzirani.

Mwana akatsekula m'mimba, musamuletse bere kapena chakudya. Mpatseni madzi a mchere ndi shuga a m'paketi ya kuchipatala. Akatupa mapazi, musachedwe, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Werengani ndi kulemba

mimba, matumbo, mapasa, khobwe, mtedza
Khobwe amadyetsa munda. Khobwe amadyetsa mimba.

Mafunso okambirana

1. Tchulani ntchito ziwiri za mabakiteriya abwino.
2. N'chifukwa chiyani mwana mmodzi wa mapasa ankadwala mnzake ali bwino?
3. Sabata yathayi, mwana wanu wadya ndiwo za mitundu ingati?
4. Chaka chino mudzala chiyani pakati pa chinangwa chanu?