Kucokera ku Lusaka Kufika ku London: Mtunda ndi Nthawi

Madzulo ano tiyankhe funso limene makolo amafunsa mwana wao akapeza malo a maphunziro ku Mangalande: Kodi ku London nkutali bwanji, ndipo munthu amafikako patapita nthawi yotani? Awa ndi mafunso awiri osiyana, pakuti mtunda susintha, koma nthawi imasintha.

Tiyambe ndi mtunda. Kucokera ku Lusaka kufika ku London, molunjika monga iulukira mbalame, pali makilomita ngati 7,900, ndiwo mamailosi 4,900. Inu amene mumakwera basi ya ku Ndola mudziwa kuti mseu umenewo uli ndi makilomita ngati 320. Tsono ulendo wa ku London ulingana ndi kuyenda mseu womwewo nthawi 25.

Nanga nthawi? Coyamba ndi liwiro la ndege. M'caka ca 1932 ndege za Imperial Airways zinayamba kunyamula anthu kucokera ku London kupita ku Cape Town, ndipo zinali kutera pa Mpika ndi pa Broken Hill, pamene lero ticha Kabwe. Ulendo wonsewo unali wa masiku 11, cifukwa ndegezo zinali zocedwa ndi zoima kawirikawiri. M'caka ca 1952 kunadza ndege ya jeti yochedwa Comet, imene inacoka ku London, nitera pa malo asanu, otsiriza ace ndi Livingstone, nifika ku Johannesburg tsiku limodzi lisanakwane. Ndege za makono zimathamanga makilomita ngati 850 pa ora, kotero kuti yosaima pa njira ingafike ku London m'maora 10. Mnzathu wa pansi pa mgodi anganene kuti ndi shifiti imodzi ndi maora awiri apamwamba.

Caciwiri ndi njira. Ndege za British Airways zimene zinali kulunjika ku London zinaleka kubwera ku Lusaka m'caka ca 2013, ndipo apaulendo ambiri amasintha ndege ku Nairobi, ku Addis Ababa, ku Dubai kapena ku Johannesburg. Wodzera ku Nairobi amakhala m'mwamba maora ngati 12, wodzera ku Dubai maora oposa 14, pakuti njirayo ikhotera kum'mawa. Pamenepo muonjezepo maora odikira ndege yaciwiri, amene nthawi zina amafika usiku wathunthu.

Cacitatu ndi koloko. Nthawi ya ku London ili m'mbuyo mwa yathu ndi maora awiri, koma kuyambira kumapeto kwa March kufikira kumapeto kwa October isiyana ndi yathu ora limodzi cabe. Pa tikiti amalemba nthawi ya kumene ndege icokera ndi ya kumene itera, yonse monga mwa koloko ya komweko. Munthu wosadziwa ici amaphonya ciwerengero, nadera nkhawa mwana wace amene akali m'mwamba mosabvuta.

Cifukwa cace, pogula tikiti musayang'ane mtengo wokha. Funsani kuti ulendo wonse ndi wa maora angati, ndege iima kuti, ndipo mudikira nthawi yotani. Akulu anati safunsa anadya phula. Tsalani bwino, tidzamvananso sabata ya mawa.