Mangochi: galimoto za alendo ziime pati?

Khirisimasi kapena Pasaka ikafika, msewu wochoka ku Liwonde kudzera pa boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay sugona. Anthu a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe amathamangira kunyanja, ndipo ambiri amakathera ku Cape Maclear, m'dera la Mfumu Yayikulu Nankumba.

Kumeneko kuli mudzi wa Chembe, womwe wazunguliridwa ndi paki ya Lake Malawi. Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'kaundula wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse. Koma mudziwu ndi wa asodzi. Tinjira take ntating'ono, tamchenga, todutsa pakati pa nyumba, malo ogona alendo ndi mathandala oyanikapo usipa. Galimoto imodzi ikaima molakwika, wakabaza, mayi wosenza mtsuko ndi galimoto yothamangitsa wodwala kuchipatala onse amasowa podutsa.

Pa boma vuto lake ndi lina. Msewu wa M3 umaoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri kulowera ku Namwera ndi ku chipata cha Chiponde, m'malire ndi Mozambique. Mathiraki, maminibasi, njinga zakapalasa ndi zamoto, zonsezi zimafuna poima, ndipo pomwe zimapapeza nthawi zambiri ndi kutsogolo kwa sitolo kapena nyumba ya munthu wina.

Maiko ena adalimbana nalo kale vutoli. Ku Arlington, m'chigawo cha Virginia ku America, anthu ogwira ntchito m'maofesi ankasiya galimoto zawo tsiku lonse m'misewu ya m'malokeshoni oyandikana nawo. Akuluakulu a derali adalamula kuti masana, masiku a ntchito, m'misewumo muziima galimoto za okhalamo ndi alendo awo zokha, zokhala ndi chiphaso. Okwiya adakadandaula kukhoti, koma mu 1977 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti lamuloli silidalakwike. Lero njira yomweyi ikugwira ntchito m'madera ambiri a mzinda wa London, komwe mwinigalimoto amalipira chiphasocho kukhonsolo.

Kodi njirayi ingathandize ku Mangochi? Mphamvu zilipo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola makhonsolo kupanga malamulo a m'madera mwawo ndi kutolera misonkho ina, ndipo khonsolo ya mzinda wa Blantyre imalipiritsa kale oimika galimoto pakati pa tauni.

Komabe kungokopera sikungaphule kanthu. Ku Arlington ndi ku London chiphaso chimateteza malo a galimoto ya mwininyumba. Ku Chembe mabanja ambiri alibe galimoto. Chomwe akufuna kuteteza ndi njira yopita kudooko, bwalo losewererapo ana ndi posokera maukonde. Komanso alendowo si adani: ndi omwe amagula nsomba ndi ziboliboli, kukwera maboti ndi kudzaza malo ogona. Kuwapirikitsa n'kudzimana nsima.

Choncho chiphaso cha kuno chiyenera kukhala ndi nkhope yakuno. Khonsolo ya boma, mafumu, akuluakulu a paki ndi eni malo ogona angagwirizane za bwalo limodzi polowera m'mudzi, pomwe alendo angasiye galimoto, kulipira ndi kulandira lisiti. Ziphaso zolowa m'kati zingapatsidwe kwa eni mudzi, onyamula nsomba ndi katundu wa m'magolosale, komanso ogona pamalo omwe ali ndi poimika pawo. Pa boma, mathiraki angakhale ndi malo awoawo kunja kwa misewu ya m'malokeshoni.

Chovuta kwambiri ndi ndalama. Anthu salipira mokondwa msonkho womwe sauona komwe ukupita. Ngati gawo la ndalamazo lingalembere ntchito achinyamata olondera galimoto, kumanga zimbudzi ndi kuchotsa zinyalala m'mbali mwa nyanja, eni mudzi adzaliteteza okha dongosololi. Zikakathera m'matumba a anthu ochepa, chiphasocho chidzangowonjezera mkangano pomwe padali kale wina.