MADZI OSAONEKA M'NYUMBA NDI M'CHIGAFA MWANU

Alimi anzanga, aliyense amene analimapo fodya wa bale akudziwa chinthu ichi. Tsamba louma limene masana limafumbutuka mukangoligwira, mukapita m'chigafa mbandakucha mumalipeza lafewa ngati nsalu. Mvula sinagwe, ndipo palibe munthu amene walithira madzi. Madziwo lawatenga mu mpweya. Chimodzimodzinso chimanga ndi mtedza zimene mwaunjika m'nyumba: zimamwa madzi a mu mpweya usiku ndi usana, inu osaona. Madzi amenewa ndiwo timawatcha chinyezi, ndipo chaka chilichonse amabwezetsa mabelo ku okushoni ndi kuwoletsa matumba a alimi amene anagwira ntchito yabwino kumunda.

Mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri kuposa wozizira. Tiyerekeze bokosi lotalika mita imodzi mbali zonse. Kukatentha madigiri 30, mpweya wa m'bokosimo ungathe kunyamula madzi olemera magalamu 30. Pa madigiri 20 unyamula magalamu 17 okha, ndipo pa madigiri 10 magalamu 9. Tikamati chinyezi chafika 50 pa 100, tikutanthauza kuti mpweyawo wanyamula theka la madzi amene ungathe kunyamula pa kutentha kumeneko. Tsono onani chimene chimachitika dzuwa likalowa. Mpweya umene masana unali ndi magalamu 15 pa madigiri 30, ndiye kuti 50 pa 100, ukazizira kufika madigiri 20 magalamu 15 omwewo akwana pafupifupi 90 pa 100. Madzi sanawonjezeke, koma mpweya watsala pang'ono kudzaza. Ukazizirabe umataya madziwo, ndipo ndiwo mame a pa udzu ndi madontho amene mumawaona kunsi kwa malata m'mawa.

Nkhungu, imene pa chimanga ndi mtedza timaitcha chuku, imayamba kumera chinyezi chikakhala pamwamba pa 65 kapena 70 pa 100 kwa masiku angapo. Chimanga chosungika bwino chiyenera kukhala ndi madzi osapitirira magawo 13 pa 100, ndipo mtedza woswa magawo 7 kapena 8. Koma mbewu imene inauma bwino pa mphasa ikhoza kubwereranso m'mbuyo ikaikidwa m'chipinda chonyowa.

Makina oumitsa mpweya

M'maiko ena vuto limeneli amalimbana nalo ndi makina. Ndawafotokoza pano chifukwa kagwiridwe kake ka ntchito kamaphunzitsa zambiri. Ku America, makamaka m'zigawo za kum'mwera chakum'mawa monga North Carolina ndi Georgia, kumenenso amalima fodya, nyengo yotentha imakhala ya chinyezi chambiri. Nyumba zambiri kumeneko n'zotsekeka kwambiri, ndipo zili ndi mipope ikuluikulu yodutsa kudenga kapena pansi imene imapereka mpweya m'chipinda chilichonse. Pa mipope imeneyi ena amalumikizapo makina amodzi otchedwa dehumidifier, oumitsa mpweya wa nyumba yonse.

Nzeru yake ndi yakale ndithu. M'chaka cha 1902 injiniya wina, Willis Carrier, anapemphedwa kuthandiza kampani yosindikiza ku Brooklyn, mu mzinda wa New York. Mapepala awo ankafufuma ndi chinyezi, motero mitundu ya inki sinkagwera pamalo pake. Iye anadutsitsa mpweya pa mipope yozizira kuti utaye madzi. Pepala ndi tsamba la fodya sizisiyana kwenikweni pa khalidwe limeneli.

Makina a masiku ano amachita chomwecho. Chokupiza chimakoka mpweya wa m'zipinda n'kuupititsa pa timipope tozizira tonga ta mu firiji. Mpweyawo ukazizira umataya madzi ake ngati mame, madziwo n'kudonthera m'thireyi ndi kutuluka panja kudzera m'paipi. Kenaka mpweya umadutsa pa timipope tina totentha n'kubwerera m'zipinda uli wouma. Pakhoma pamakhala kachipangizo koyeza chinyezi. Mwini nyumba akakatchera pa 50, makina amadziyatsa okha chinyezi chikapitirira pamenepo ndipo amazima chikatsika. Makina oterewa angathe kuchotsa malita 30 mpaka 60 a madzi pa tsiku, kutanthauza ndowa ziwiri kapena zitatu, kuchokera mu mpweya wa nyumba imene denga lake silidontha n'komwe. Bungwe la boma la dzikolo loona za chilengedwe, la Environmental Protection Agency, limalangiza kuti chinyezi cha m'nyumba chisafike 60 pa 100, ndipo chikhale pakati pa 30 ndi 50.

Ngakhale kumeneko makinawa ali ndi malamulo ake. Mazenera ayenera kukhala otseka, sefa yake izitsukidwa, ndipo paipi yotulutsa madzi isatsekeke. Denga likamadontha kapena madzi akamalowa pansi pa nyumba, makina amangodya magetsi osapambana. Nanga ife tigule? Ine sindikulangiza choncho. Amafuna magetsi osadukiza, ndipo nyumba zathu zambiri zili ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, kotero mungakhale mukuumitsa mpweya wa mudzi wonse ndi ndalama zanu. Esiteti imene ili ndi chipinda chotsekeka bwino chosungiramo mbewu yobzala ikhoza kupindula ndi makina aang'ono. Koma m'shedi yosankhira fodya angakuwonongereni, popeza tsamba louma kwambiri limathyoka posankha ndi podinda.

Kodi madzi a m'nyumba amachokera kuti?

Chimene tingatengeko ndi funso limene amisiri oika makinawa amayamba kufunsa: madzi akulowera pati? Munthu mmodzi amatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi pa tsiku mwa kupuma ndi thukuta. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likagona m'chipinda chotseka, m'mawa mpweya wake umakhala wolemera. Mphika wa nyemba umene wawira maola atatu wataya madzi ake m'nyumba momwemo. Nkhuni zaziwisi, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Zovala zoyanika m'nyumba nthawi ya dzinja zimauma chifukwa madzi ake asamukira mu mpweya. Ngakhale nyali kapena chitofu cha palafini chimatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi pa lita iliyonse ya palafini imene yapsa. Koma gwero lalikulu, limene ambiri saliganizira, ndi pansi. Dothi lozira komanso simenti imene inathiridwa popanda pulasitiki kunsi kwake zimakoka chinyezi cha m'nthaka n'kuchipereka ku chilichonse chimene chagona pamenepo.

Chaka china ndinayendera tenanti wina amene mabelo ake awiri anabwezedwa chifukwa cha nkhungu. Bamboyo analumbira kuti sanathire madzi, ndipo ine ndinamukhulupirira, chifukwa fodya wake ndinamuona ali m'chigafa. Titalowa m'nyumba ndinapeza kuti mabelo ankakhala pansi penipeni, atatsamira khoma la kumene mvula imawombera, m'chipinda chomwecho chimene ana amagona. Kuseri kwa khomalo kunali dzenje limene anakumbamo dothi lomatira nyumba, madzi ali tho. Anaika mabelo pamenepo poopa akuba, ndipo mantha akewo anali oona. Koma ngongole ya feteleza ndi ya chakudya ku esiteti inamudikira chimodzimodzi.

Choncho choyamba ndi kuchotsa mbewu pansi. Matumba ndi mabelo akhale pa thandala la mitengo youma, lokwera pafupifupi chikhatho chimodzi kapena kupitirira, ndipo asakhudze khoma. Siyani mpata woti munthu angadutse chammbali, kuti mpweya uziyenda ndiponso kuti muziona kuseri. Ngati pansi pamatuluka chinyontho, yalani pulasitiki kunsi kwa thandala. Musakulunge fodya m'pulasitiki kapena m'matumba a feteleza: amachita thukuta, ndipo tizidutswa ta pulasitiki tikapezeka m'belo ogula amalikana. Panja, kumbani ngalande yopatutsa madzi a padenga ndi kukwirira maenje oyandikana ndi khoma. Nyumba ya malata ikhale ndi mphasa kapena bango kunsi kwa denga pamwamba pa mbewu, kuti madontho a m'mawa asagwerepo.

Chachiwiri ndi nthawi yotsegula ndi yotseka, ndipo apa ndi pamene alimi ambiri amalakwitsa poganiza kuti mphepo iliyonse imaumitsa. Tsegulani mazenera ndi zitseko mame akauma, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka cha m'ma 3 koloko masana, pa tsiku la dzuwa. Dzuwa lisanalowe tsekani. Masiku a mvula yamvumbi musatsegule. Alimi a ku Thyolo ndi Mulanje asamale kwambiri ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, chifukwa chimafika pamene chimanga changolowa kumene m'nyumba. Kwa fodya wofuna kusankha lamulo limatembenuka: mumafuna afewe pang'ono, ndiye mutsitseni m'mawa. Koma tsamba lokha ndilo lifewe, msempha wapakati uzithyoka mukaupinda. Msempha ukamangopindika osathyoka, fodyayo asalowe m'jeke.

Inu matenanti amene nyumba yanu ndi ya chipinda chimodzi, kambiranani ndi akapitawo kapena eni esiteti kuti mabelo odinda asungidwe m'shedi, atalembedwa dzina lanu ndi kulemera kwake inu mukuona. Belo likabwezedwa, onse awiri mwataya.

Mchere ndi botolo

Simusowa chipangizo chodula kuti mudziwe mmene zinthu zilili. Mchere wa pakhomo umayamba kunyowa chinyezi cha mu mpweya chikafika pafupifupi 75 pa 100. Ikani mchere wouma m'kambale m'chipinda chosungira mbewu. Mukaupeza wanyowa masiku otsatizana, chipindacho sichili bwino. Poyesa chimanga, thirani m'botolo lagalasi louma mpaka gawo limodzi mwa atatu, onjezani masupuni awiri a mchere umene mwauyanika padzuwa, tsekani ndi kukhutchumula kwa mphindi imodzi, kenaka mulisiye mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chili ndi madzi opitirira magawo 15 pa 100 ndipo chibwerere padzuwa. Matumba otsekeka a PICS amathandiza kwambiri pa anankafumbwe, koma amasunga chimene mwaikamo: chimanga chikalowa chonyowa chidzatuluka chowola.

Chuku sichiwononga mtengo wokha. Mitundu ina imapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, amene anadziwika pambuyo pa imfa ya nkhukundembo pafupifupi 100,000 ku England mu 1960, zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga cha chuku. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika kapena kukazinga. N'chifukwa chake timakuletsani kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa. Mukapeza thumba lachita chuku, lichotseni pakati pa anzake tsiku lomwelo, yanikani otsalawo padzuwa, ndipo chowolacho musapatse ana, nkhuku kapena ng'ombe za mkaka, komanso musafululire mowa. Chikwirireni m'dzenje lakuya kapena chitenthedwe.