Masukulu adatsekedwa msanga mu 2021: zimene makolo tiyenera kudziwa

Pa 27 Juni 2021 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalengeza kuti dziko lonse la South Africa lalowa mu levulo 4 chifukwa cha Covid-19 ya mtundu wa Delta. Masukulu adayamba kutseka Lachitatu pa 30 Juni, tchuthi cha nyengo yozizira chisanakwane. Pa 11 Julayi adalengezanso kuti ana adzabwerera m'kalasi pa 26 Julayi. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti zimenezi zikutanthauza chiyani kwa ana athu, choncho ndifotokoze.

Aka sikadali koyamba. Mu 2020 masukulu adatsekedwa pa 18 Malichi, ndipo a giredi 7 ndi giredi 12 okha ndiwo adayamba kubwerera mu Juni. Kumapeto kwa Julayi masukulu a boma adatsekedwanso kwa masabata anayi. Kuchokera nthawi imeneyo ana ambiri ankapita kusukulu mosinthana masiku. Boma linkatseka masukulu pofuna kuchepetsa kusonkhana ndi kuyenda kwa anthu pamene zipatala zidali zodzaza. Cholinga chidali chabwino, koma mtolo wake unkagwera pakhomo.

Vuto loyamba ndi chakudya. Ndondomeko ya boma yodyetsa ana kusukulu imafikira ana oposa 9 miliyoni. Kuno ku Masiphumelele ndi ku Ocean View, pafupi ndi Fish Hoek, alipo ana amene chakudya chakusukulu ndicho chodalirika pa tsiku. Mu 2020 ndondomekoyi itaimitsidwa, bungwe la Equal Education lidapita kukhoti, ndipo pa 17 Julayi 2020 khoti lalikulu la ku Pretoria lidagamula kuti mwana woyenera kulandira chakudyacho alandire, kaya ali m'kalasi kaya akuphunzirira kunyumba. Ndiye musachite manyazi: pitani mukafunse kusukulu kwa mwana wanu ngati chakudya chikuperekedwa, masiku ake ndi ati, komanso ngati mwana apite ndi mbale yake.

Vuto lachiwiri ndi wosiyira ana. Ambiri a ife timakhalira ganyu: kuchapa ndi kukolopa m'nyumba za anthu ku Fish Hoek, kusamalira maluwa ku Noordhoek, kapena kugulitsa pamsewu. Tsiku limene sunapite, palibe malipiro. Mayi akatsala ndi ana, ya lendi isowa. Akapita, mwana wa zaka 10 ndiye atsala akulera mng'ono wake. Kuno Julayi ndi mwezi wa mvula ndi chisanu, ndipo ana akazizidwa amayatsa sitovu ya palafini kapena kandulo. Tonse tikukumbukira moto wa mu Disembala 2020 umene udapsereza nyumba zoposa 1,000 ku Masiphumelele. Ndikupempha kuti tigwirizane mabanja awiri kapena atatu oyandikana, tizisinthana masiku oyang'anira ana. Akhale mabanja omwewo nthawi zonse kuti matenda asafale, ndipo machesi ndi palafini zizikhala potalikira ana.

Vuto lachitatu ndi maphunziro enieniwo. Kuphunzira pa intaneti kumafuna foni yabwino, bandulo ndi magetsi, ndipo pakhomo pamene foni ndi imodzi, imachoka ndi bambo m'mamawa. Ana athu ali ndi chovuta chinanso: kusukulu amaphunzira m'Chingerezi, Chixhosa kapena Chiafrikaans, kunyumba timalankhula zathu. Akakhala nthawi yaitali osamva chilankhulo cha m'kalasi, amabwerera m'mbuyo msanga kuposa anzawo. Mankhwala ake safuna ndalama. Mwana aziwerenga mokweza kwa mphindi 20 tsiku lililonse, ndipo azilemba m'mabuku a ntchito amene sukulu idamupatsa. Ngakhale inu simudziwa chilankhulocho, khalani pambali pake, kenako akufotokozereni m'Chichewa zimene wawerenga.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana amene sabwereranso. Mnyamata akalawa ndalama ya ganyu, sukulu imayamba kumuwawa. Mtsikana akazolowereka kukhala wolera ana, makolo amaona ngati ndi bwino apitirize. Ku Malawi, masukulu atatsekedwa pa 23 Malichi 2020, atsikana ambiri adatenga mimba kapena kukwatiwa asanabwerere m'kalasi. Kuwongola mtengo ndi uli waung'ono: tiyambe lero kumuuza mwana tsiku lotsegulira.

Dziwaninso ufulu wanu. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino likuti aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambirira. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Ngati pepala lanu lidatha nthawi ya lokodauni, chimenecho si chifukwa chosungira mwana pakhomo. Wina akakubwezani, bwerani mudzatiuze ife odzipereka, kapena pitani ku Scalabrini Centre mu mzinda wa Cape Town, kumene amathandiza othawa kwawo pa nkhani zotere.

Pa 26 Julayi 2021 mwana aliyense adayenera kupita kusukulu atavala masiki. Amene akutsokomola kapena watentha thupi ayambe wapita kukiliniki, ndipo mphunzitsi adziwitsidwe. Mukaona mwana wa mnzanu akungoyendayenda tsiku la sukulu, mufunseni, pakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.