Kachinkhwe Kotchedwa Budgie Si Nkhunda

Ku Nazombe, monganso m'midzi yambiri ya m'boma la Phalombe, munthu sasowa womuphunzitsa kuweta nkhunda. Ana amakula akuona khola la nkhunda pabwalo, ndipo adziwa kuti ukazitsegulira m'mawa zipita kukadya kuminda, madzulo n'kubwera zokha. Koma pali mbalame ina yaing'ono imene anthu ena amaweta m'nyumba m'mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe, ndipo amene anakagwirako ntchito ku Joni anaiona m'nyumba za kumeneko. Dzina lake pa Chingerezi ndi budgerigar, koma ambiri angoti budgie. Ndi mbalame ya mtundu wa zinkhwe, ya mlomo wokhota. Mwezi uno tifuna kulongosola za mbalameyi, chifukwa munthu woigula kapena woilandira ngati mphatso angayese kuti nzeru za nkhunda zikwanira. Sizikwanira ayi, ndipo zina mwa nzeruzo zingaphe mbalameyo mlungu usanathe.

Kwawo kwa budgie ndi ku Australia, m'kati mwa dzikolo, kumene kuli zigwa zouma za udzu ndipo mvula siidalirika. Kutalika kwake kuyambira kumutu kufikira kunsonga ya mchira ndi mainchi 7, ndipo kulemera kwake ndi magalamu 30 kapena 40 basi. Ofuna ndiwo angopitirira ndi maunda awo. Ya kutchire ndi yobiriwira ngati msipu, mutu wachikasu, ndi timizere takuda pamsana ndi pamapiko. George Shaw, munthu wophunzira za zinyama, ndiye anayamba kuilemba m'buku m'chaka cha 1805, ndipo mu 1840 John Gould anatenga zamoyo napita nazo ku England. Azungu anazikonda kwambiri, kotero kuti zombo zinayamba kuzinyamula zikwizikwi, kufikira mu 1894 pamene kunaikidwa lamulo loletsa kuzitulutsa m'dzikolo. Chifukwa chake zimene muziona m'makola lero zinaswedwa m'makola momwemo, pamodzi ndi makolo awo. Za buluu, zoyera ndi zachikasu zinachuluka mwa kusankha kwa oweta.

Tsono mvetsetsani ichi, pakuti ndipo pagona nkhani. Nkhunda ili ndi kwawo, ndipo ngakhale muitengere kutali ifunafuna njira yobwerera. Budgie ilibe mudzi. Kutchire ziyenda m'magulu, nthawi zina zikwi zambiri pamodzi, kutsata mvula. Kumene mvula yagwa ndipo udzu wabala, zitera ndi kuswa. Udzu ukatha zinyamuka osacheuka. Mbalame yotere siidziwa kubwerera pakhomo pamene inachokera. Ikatulukira pazenera, kaphokoso pang'ono kaidzidzimutsa, iuluka molunjika, ndipo pamene yatopa njira yatayika kale. Kunjako kuli mphamba ndi akhwangwala, ndipo mbalame yoyera kapena ya buluu ioneka patali. Musamvere mnzanu wokuuzani kuti muitsekere masabata awiri monga tichitira ndi nkhunda zachilendo, kenaka muitsegulire. Ngati mufuna kuti iwongole mapiko, ndipo nkwabwino kutero tsiku ndi tsiku, iulukire m'chipinda mutatseka chitseko ndi mazenera, mphaka ali kunja.

Popeza ndi mbalame ya m'gulu, kukhala yokha kuisautsa. Mwini wake akapita kumunda m'mamawa ndi kubwera dzuwa litapendeka, budgie yokhala yokha itha tsiku lonse yopanda woiyankha, ndipo zina zifika pozula nthenga zawo. Ife tiona kuti nkwabwino kuweta ziwiri. Kuzisiyanitsa sikuvuta zikakula: pamwamba pa mlomo pali kachikopa pamene pali mphuno, ndipo kwa yaimuna kachikopako nka buluu, kwa yaikazi nkotuwa kapena kofiirira. Yaing'ono iri ndi timizere takuda kufikira pamphumi, ndipo timizereto tichoka pamphumipo ikakwana miyezi itatu kapena inayi.

Mukakhala nazo masiku angapo mudzayamba kumva chinenero chawo. Zikamalongolola tsiku lonse ngati amayi pachitsime, ndiye kuti mtima uli m'malo. Ngakhale wailesi ikalira nazonso zikweza mawu. Zikangoti zii mwadzidzidzi, nthenga zitamatirira kuthupi, zaona choopsa, ndipo muyang'ane ngati pali mphaka kapena njoka. Madzulo mudzamva kaphokoso ngati munthu akukukuta mano: imeneyo ikupera mlomo wake, ndipo itero ikakhuta ndi kufuna kugona. Kuima ndi mwendo umodzi ndiko kupumula, si kuthyoka ayi. Yaimuna ikamagwedeza mutu, n'kubzikula chakudya ndi kudyetsa inzake, musayese kuti ikusanza, ikufunsira mbeta. Ndipo mudzaziona zikukandana m'mutu ndi milomo, pakuti pamenepo mbalame siingathe kudzikonza yokha.

Chinthu china chimene chapha budgie zambiri m'manja mwa anthu ozikonda ndi ichi. Nkhunda imeza chimanga chathunthu, ndipo mbale ikatha ioneka kuti yatha. Budgie isenda njere iliyonse ndi mlomo, idya za m'kati, mankhusu n'kugwera m'mbale momwemo. Munthu ayang'ana, aona mbale yodzaza, nati chakudya chikalipo, chikhalirecho ndi mankhusu okhaokha. Kambalame kakang'ono chotere sikapirira njala. Masiku awiri osadya angathe kukapha. Tsono m'mawa uliwonse tulutsani mbaleyo, uzirani mankhusu achoke monga muchita popeta, ndipo onjezani njere. Ngati muchoka kupita kumaliro kapena kumsika wa ku Chiringa ndi kukagona konko, muuze mwana amene atsala pakhomo za mankhusuwa, osangoti aziyang'ana mbale.

Chakudya chake sichisowa kuno kwathu. Mawere ndi mchewere ndizo zoyenera, ndiponso ngala za udzu zimene zayamba kukhwima. Muzimangirire m'khola kuti izithothola yokha monga ichitira kutchire. Mapira muyambe mwawaphwanya. Mpendadzuwa, umene ambiri alima ku Phalombe, iukonda kwambiri, koma uli ndi mafuta ochuluka ndipo uinenepetsa moipa. Njere zowerengeka zikwanira. Njere zokha sizimanga thupi, choncho muziipatsanso masamba otsuka bwino monga bonongwe ndi chisoso, ndi kachidutswa ka karoti. Zikamba za mazira zowiritsa ndi kusinja zithandiza yaikazi kuikira mazira olimba. Madzi akhale atsopano tsiku lililonse. Peyala musaipatse ngakhale pang'ono, pakuti kwa mbalame ndi chiphe, ngakhale kwa ife ndi chakudya chabwino. Musaipatsenso mbewu zimene mwathira Actellic kapena mankhwala ena a anankafumbwe, kapena njere zankhungu.

Khola likhale lalitali cham'mbali koposa cham'mwamba, chifukwa mbalame iuluka chopingasa. Mipata ya waya isapitirire theka la inchi, kuopa kuti ingapanikize mutu. Poterapo ikani timitengo tosiyana kukula kwake, ndipo muzitisintha, pakuti izitafuna.

Za malo oika kholalo tinenepo zambiri. Mapapo a mbalame sali ngati athu, ndipo utsi umene ife tingotsokomola nawo uipha. Musaiike m'khitchini, kapena m'chipinda mmene muli mbaula ya makala, kapena pafupi ndi koyilo ya udzudzu. Opopera mankhwala a udzudzu akafika, itulutseni, ndipo isabwerere kufikira fungo litatha. M'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chiwomba kuchokera kuphiri, kholalo likhale posapita mphepo, ndipo usiku mulifunde nsalu yopyapyala. Mu October, m'nyumba ya malata mukatentha, mukaona mbalame itayasamula mlomo ndi kutambasula mapiko pang'ono, isunthireni pamthunzi ndi kuipatsa madzi osamba m'kambale kosaya. Kholalo lipachikeni pamwamba, kumene makoswe ndi linthumbu sizifika msanga.

Budgie ibisa matenda ake, chifukwa kutchire yooneka yofooka ndiyo iyamba kugwidwa. Choncho mukaona kuti yafufuma nthenga tsiku lonse, yatsinzina masana, yakhala pansi pa khola, kapena mchira ukukwera ndi kutsika popuma, dziwani kuti yadwala kale masiku angapo. Ipatuleni kwa inzake, iikeni pofunda, ndipo funsani alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Pali nthenda ina yotchedwa psittacosis imene zinkhwe, ngakhalenso nkhunda, zipatsira anthu kupyolera m'fumbi la zitosi zouma. M'zaka za 1929 ndi 1930 inadwalitsa ndi kupha anthu ku Ulaya ndi ku America. Ibwera ndi kutentha thupi, mutu ndi chifuwa chouma, ndipo munthu angayese malungo. Mankhwala ake alipo, koma kuchipatala munene kuti muweta mbalame. Posesa m'khola yambani mwawaza madzi, ndipo musambe m'manja mukatha. Kudyetsa mbalame ndi pakamwa panu, monga achita ena, kulekeni.

Pa kuswa asiyananso ndi nkhunda. Nkhunda itola timitengo, iikira mazira awiri, ndipo yaimuna ndi yaikazi zisinthana kufungatira. Budgie siimanga chisa. Kutchire iikira m'mphako ya mtengo. Ofuna kuti ziswe apachike kabokosi ka thabwa kokhala ndi kabowo, pansi pake posemedwa ngati kambale kuti mazira asamwazike. Iikira mazira anayi kufikira asanu ndi limodzi, kudumphitsa tsiku, ndipo yaikazi yokha ifungatira masiku 18, yaimuna ikuidyetsa pakhomo. Ana atuluka m'bokosi atatha masabata anayi kapena asanu. Ngati mulibe kowapititsa anawo, musaike bokosi.

Nanga nzoona kuti ilankhula? Inde, makamaka yaimuna imene inazolowera munthu ikali yaing'ono. Ku Newcastle, m'dziko la England, kunali ina yotchedwa Sparkie Williams imene inapambana mpikisano wa BBC mu 1958, ndipo inadziwa mawu oposa 500. Koma zambiri sizilankhula konse, ndipo ziwiri zokhala pamodzi zikonda kucheza zokha. Ife sitiona chifukwa chosungira mbalame yokhayokha zaka zisanu kapena zisanu ndi zitatu za moyo wake kuti ingonena moni.

Anyamata odziwa ulimbo angaganize zokagwira zinkhwe za m'tchire mwathu m'malo mogula budgie. Kuno ku Malawi tili ndi kachinkhwe kathu kotchedwa Lilian's lovebird, kobiriwira, ka nkhope yofiirira, mlomo wofiira ndi mchira waufupi. Dzinali anakapatsa ndi G. E. Shelley mu 1894. Kapezeka ku Liwonde National Park, m'mbali mwa Shire, ndipo kagona m'mphako za mitengo ya tsanya. Dr Tiwonge Mzumara-Gawa, Mmalawi amene anafufuza za mbalameyi, anaonetsa kuti zambiri zimafa pomwa madzi m'maiwe amene opha nyama mozemba anathiramo chiphe. Kugwira mbalame m'malo otetezedwa ndi mlandu pa lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, ndipo zilango zake zinakwezedwa mu 2017. Wina akakutsatsani kachinkhwe ka mchira waufupi ndi mlomo wofiira pamsewu, imeneyo si budgie. Musagule, ndipo kauzeni apolisi kapena a Dipatimenti ya Nyama za Kutchire. Obwera ndi mbalame kuchokera ku Joni kapena ku Mozambique ayambe atenga chilolezo ku ofesi ya za ziweto asanafike nayo pachipata.