MADZI OYENDA NDIWO MOYO WA NSOMBA ZA M'GALASI

Anthu oweta nsomba m'bokosi la galasi kawirikawiri amadabwa poona nsomba zao zirikufa cikhalireco madzi ali mbee. Cimene cimazipha ndi amoniya, poizoni wocokera m'zonyansa za nsombazo ndi m'zakudya zotsala. Poizoniyu amathetsedwa ndi tizirombo tosaoneka timene timakhala pa miyala, koma timafuna madzi oyenda okhala ndi mpweya.

Cosefera madzi cingapangidwe panyumba. Woweta aboola timabowo kumunsi kwa botolo la pulasitiki, aimika paipi pakati pace, nadzazamo timiyala ndi siponji. Atamiza botololo m'bokosi, alowetsa kapaipi kocokera ku pampu ya mpweya mpaka pansi pa paipiyo. Thovu pokwera limanyamula madzi, ndipo madzi ena amalowa m'timabowo nadutsa m'timiyala.

Tizirombo timatenga masabata 4 kufikira 6 kuti ticuluke, cotero nsomba ziyambe zowerengeka. Siponji itsukidwe m'madzi a m'bokosi momwemo, pakuti kolorini wa m'madzi a pa mpope amapha tiziromboto.

Vuto lalikulu ndi magetsi. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi m'Kariba, magetsi m'Zambia anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Pampu ikaima, mpweya umacepa ndipo nsomba zimakwera kukapumira pamwamba. Wopanda pampu ya batire aleke kuzidyetsa, azitunga madziwo m'kapu ndi kuwatsanuliranso kucokera m'mwamba mobwerezabwereza kufikira magetsi atayaka.